Mfuti zakale za nkhondo zimene anazichepetsa pakamwa

Pali mfuti ina ya ku Britain yotchedwa Rifle No. 2 Mk IV*. Mukaionera patali simungaisiyanitse ndi .303 ija imene asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland ankanyamula ku Ethiopia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mtengo wake ndi womwewo, kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 4 omwewo, ndipo chogwirira cha mpiringidzo wake mumachikweza, kuchikokera kumbuyo ndi kuchikankhiranso kutsogolo chimodzimodzi. Kusiyana kuli kukamwa. Manambala ngati .303 ndi .22 amanena kukula kwa bowo m'mainchesi, ndipo bowo la .303 pensulo imalowa, koma la iyi silowa. Mukachotsa magazini mupeza kuti ndi chibokosi chabe, mulibe sipuling'i, ndipo ntchito yake yatsala yolandira makoko a zipolopolo zowombedwa kale kuti asamwazikire pansi. Mfutiyi inabadwa ili ya nkhondo. Pambuyo pake amisiri anaisintha kuti iziwombera tizipolopolo ta .22, tomwe alimi a maiko ambiri amaphera akalulu.

Mfuti zosinthidwa chonchi zilipo zambirimbiri, ndipo sizinasinthidwe pa chifukwa chimodzi. Zina anazichepetsa pofuna kuphunzitsa asilikali mosawononga ndalama, zina pozemba lamulo, zina chifukwa maiko anagwirizana zosintha chipolopolo cha nkhondo. Munthu akamva kuti mfuti aichepetsa amangoganiza kuti aifoola. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Nthawi zambiri sizitero, ndipo ngozi zonse za ntchitoyi zagona pamenepo.

Chimene chimasungidwa ndi chimene chimatayidwa

Mfuti ya mtundu uwu ili ndi zigawo zikuluzikulu zitatu. Pali mtengo umene munthu amautsamiritsa paphewa. Pali mpope umene chipolopolo chimadutsamo. Pakati pa ziwirizi pali thupi lachitsulo momwe mumayenda mpiringidzo, umene amisiri amautcha bolt. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mpiringidzo wa pachitseko: kutseka kumbuyo kwa mpope kuti onga ukayaka, mphamvu yonse ipite kutsogolo osati kumaso kwa wowombera.

Pa zitatuzi, chovuta kupanga ndi thupi ndi mpiringidzo wake. Zimafuna chitsulo chabwino, makina ambiri ndi kuwotcha kolondola. Mpope ndiwo umatha msanga. Onga wa cordite umene a Britain ankagwiritsa ntchito unkayaka motentha kwambiri n'kumadya chiyambi cha mpope, ndipo tizoyatsira ta zipolopolo za nthawi imeneyo tinkasiya mchere umene unkachititsa dzimbiri msilikali akachedwa kutsuka mfuti yake ndi madzi otentha. Nkhondo ikatha, boma linkatsala ndi milumilu ya mfuti za mipope yotha koma za matupi abwinobwino. Mfuti za Lee-Enfield, banja la .303 ija, zinapangidwa pafupifupi 17 miliyoni, ndipo za Mauser K98k za ku Germany zokha zinaposa 14 miliyoni. Kutaya zonsezo kukanakhala ngati kutaya njinga chifukwa matayala atha.

Njira zochepetsera bowo zinalipo zingapo. Yoyera kwambiri inali kuchotsa mpope wakale n'kuikapo watsopano. Yotsika mtengo inali kukulitsa bowo lakale n'kulowetsamo kampope kena kopyapyala kokhala ndi mizere yakeyake, n'kukamatiriza kuti kasatulukenso. Kampani ya A.G. Parker ya ku Birmingham, imene inadzakhala Parker-Hale, inatchuka ndi njira imeneyi mpaka inkadinda mawu akuti Parkerifled kukamwa kwa mfuti zimene yasintha. Njira yachitatu inali ya kampope kochotseka, kolowetsa pophunzira n'kukazula pomaliza. A Britain anayamba nako m'zaka za m'ma 1880 ndi kampope ka Morris, ndipo a Germany anali ndi kawo kotchedwa EL 24, kamene kankabwera m'bokosi lamatabwa pamodzi ndi mpiringidzo wake waung'ono.

Mpope watsopano umafunanso mizere yoyenera chipolopolo chake. Mizere ya m'kati mwa mpope ndi yopota kuti chipolopolo chizizungulira ngati nguli, chisamapidiguke m'malere. Ya .303 imamaliza kuzungulira kamodzi pa mainchesi 10, pomwe ya .22 wamba imamaliza pa mainchesi 16, chifukwa chipolopolo chachifupi sichifuna kuzunguliridwa kwambiri.

Kuphunzira kuwombera osawononga chuma

Chiyambi cha nkhani ya .22 chili ku South Africa. Pa nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902, asilikali a Britain anachita manyazi ataona alimi a Chibunu, atanyamula ma Mauser a 7x57 (bowo la mamilimita 7, khoko lalitali mamilimita 57), akuwalasa ali kutali. Lord Roberts atabwerera kwawo analimbikitsa kuti mwamuna aliyense aphunzire kuwombera, ndipo mu 1901 munayambika bungwe la makalabu owombera mfuti zazing'ono limene lero limatchedwa National Small-bore Rifle Association. Vuto linali malo ndi ndalama. Chipolopolo cha .303 Mk VII chili ndi mutu wolemera magalamu 11 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi. Chimafuna bwalo lalitali lokhala ndi phiri kumapeto kwake. Mutu wa .22 sukwana n'komwe magalamu 3, liwiro lake silifika theka, ndipo mphamvu yake ndi yocheperapo pafupifupi ka 20. Chimenechi mungathe kuwombera m'holo ya sukulu, pa mtunda wa mayadi 25, mutaika chitsulo kuseri kwa pepala lolingapo.

Nzeru yake inali yakuti mnyamata aphunzire pa mfuti yolemera ngati yeniyeni, yokhethemula ngati yeniyeni, yolingira ngati yeniyeni, koma yosamumenya paphewa. Amene anayamba waona munthu woyamba kumene akutsinzina ndi kudzidzimuka mfuti isanalire amadziwa kuti chizolowezi chimenecho chikalowa chimavuta kuchichotsa. Ndi .22 sichiyamba n'komwe.

Panali chovuta china chimene ambiri sachiganizira. Chipolopolo cha nkhondo chili ndi kachoyatsira pakati penipeni pa tsinde la khoko, ndipo msomali wa mfuti umamenya pamenepo. Cha .22 choyatsira chake chili m'mphepete mozungulira, ndiye msomali uyenera kumenya chapambali. Apa Lee-Enfield inali ndi mwayi, chifukwa mutu wa mpiringidzo wake ndi kachigawo kapadera kochotseka. Fakitale inkangopanga mutu wina wa .22, thupi lonse n'kukhala momwe linalili. N'chifukwa chake mfuti zophunzitsira za banja limeneli zilipo mitundu yambiri chonchi, kuyambira nkhondo yoyamba isanayambe mpaka No. 9 imene Parker-Hale anasinthira asilikali apamadzi a Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. A America anayesa njira ina mu 1907 pa mfuti yawo ya Springfield: kachipolopolo ka .22 ankakalowetsa m'chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu kuti msilikali aziphunzira ndi kulonga komwe. Zitsulozo zinkavuta kutsuka ndipo zinkapindika zikagwa, motero njirayo sinapite patali.

Kwa ine, kusintha kumeneku ndiye kunali kwanzeru kuposa kwina konse. Thupi lopangidwira mphamvu ya nkhondo likamawombera .22 lili ngati ng'ombe yokoka ngolo yopanda katundu. Silingatope.

Pamene lamulo linabala zipolopolo zatsopano

Ku Australia nkhani inayenda mwina. Nkhondo yachiwiri itatha, mfuti za .303 zinali mbwee ndipo zinali zotchipa, koma boma la New South Wales linakhwimitsa lamulo loletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zowombera chipolopolo cha asilikali. Alimi ndi alenje ankafunabe mfuti zophera nkhandwe, nguluwe ndi makangaruu. Amisiri anaona kuti lamulo likunena za chipolopolo, silikunena za thupi la mfuti. Anatenga khoko lomwelo la .303 n'kulichepetsa pakhosi kuti ligwire mutu waung'ono, ndipo munabadwa .303/25, .303/22 ndi .303/270. Kampani ya Sportco ya ku Adelaide inasintha mfuti zambiri motere, ndipo fakitale ya boma ya ku Lithgow inapanga zina za .22 Hornet zimene zinkagulitsidwa ndi dzina la Slazenger, kampani yomwe ija ya mipira ya tenesi.

Ena anachenjera kuposa apa. Khoko la .303 ndi lalitali mamilimita 56. Iwo anafupikitsa chipinda cha mfuti, momwe chipolopolo chimakhala poombera, ndi mamilimita awiri okha, n'kuchitcha chipolopolocho 7.7x54R. Chipolopolo cha asilikali sichinkalowanso, ndiye pamaso pa lamulo mfutiyo inasanduka ya mlenje, ngakhale nyama yolasidwa nayo sikanadziwa kusiyana kwake.

Khoko la .303 analichepetsanso ku South Africa, komwe Ben Musgrave anapanga 6mm Musgrave, choyenerana ndi matupi a Lee-Enfield ndipo chokwanira pa nswala ndi agwape a m'zigwa. Ku India boma linaika .303 m'gulu la zipolopolo zoletsedwa kwa anthu wamba, ndipo fakitale ya ku Ishapore inasandutsa mfuti zambiri za SMLE, mtundu wa Lee-Enfield ya .303, kukhala zowombera kamodzi kamodzi za .410, za mpope wopanda mizere, zopatsa apolisi ndi alonda a ndende. Pamalo pa magazini anakhomapo chipika cha mtengo. Imeneyi ndi yosangalatsa chifukwa bowo linakula koma mphamvu inachepa, chimene chikusonyeza kale kuti nambala ya pa mpope siyinena zonse.

Ku America kunalibe lamulo lotero, kunali chidwi chabe ndi mfuti zotchipa. Khoko la .30-06 linabala .25-06, la 7x57 linabala .257 Roberts mu 1934, ndipo la .308 linabala .243 Winchester mu 1955. Ma Mauser ankasinthika mosavuta chifukwa zipolopolo zonsezi tsinde la khoko lake ndi lofanana, pafupifupi mamilimita 12, ndiye nkhope ya mpiringidzo sinkafunika kukhudzidwa.

Bowo laling'ono, moto womwewo

Mukamathirira ndiwo kudimba ndi paipi, mukafinya kukamwa kwake ndi chala, madzi amathamanga kupita kutali ndipo paipi imalimba m'manja. Ndi zomwe zimachitika m'mfuti. Mukasiya khoko lalikulu ndi onga wambiri koma n'kuchepetsa potulukira, mpweya wa motowo umavutika kutuluka ndipo pulesha imakwera. N'chifukwa chake zipolopolo zochepetsedwa pakhosi zimafuna onga woyaka pang'onopang'ono, komanso zimatha mpope msanga kusiyana ndi makolo awo.

Manambala a bungwe la CIP, limene limaika malire a pulesha m'maiko ambiri a ku Ulaya, amaonetsa bwino nkhaniyi. Pulesha amaiyeza m'mabaa, ndipo malire a .22 wamba ndi mabaa 1,700. A .22 Hornet ndi 3,000. A .303 ndi 3,650, pomwe a 7x57 ndi 8x57 za Mauser ndi 3,900. Koma .243 Winchester, ya mutu wa mamilimita 6 okha, imafika 4,150, chimodzimodzi ndi .308, ndipo .223 Remington imafika 4,300. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Tsono onani kuti zipolopolo ziwiri za bowo lofanana, .22 wamba ndi .223, china chili pansi penipeni pa mndandanda, china pamwamba penipeni.

Pulesha payokha siyimaliza nkhani. Chimene mpiringidzo umamva ndi pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa tsinde la khoko, monga momwe mphepo yomweyo imakankhira kwambiri chitseko kusiyana ndi zenera laling'ono. Ndiye .22 Hornet, ya khoko lowonda ndi pulesha yapakatikati, imaupeputsadi mpiringidzo. Koma .303/25 siyiupeputsa ngakhale pang'ono, pakuti tsinde ndi lomwe lija. Ndipo .243 yoikidwa pa thupi lopangidwira 7x57 m'zaka za m'ma 1890 imaulemetsa kuposa kale, ngakhale mwini wake akuganiza kuti mfuti yake waipumitsa.

Matupi nawonso sali ofanana. Mauser ya 1898 imatsekera kutsogolo ndi mano awiri, pafupi penipeni ndi khoko, ndipo ili ndi dzino lachitatu kumbuyo lodikira ngati awiriwo atathyoka, komanso njira zotayira mpweya kutali ndi maso khoko likaphulika. Ma Mauser akale a 1893 ndi 1895 alibe zambiri mwa zimenezi. Lee-Enfield imatsekera kumbuyo. Zimenezi zimaichititsa kukhala yofulumira m'manja, koma mpiringidzo wonse ndi thupi zimanyutuka pang'ono pa kuwomba kulikonse. Pa .303 palibe vuto. Pulesha ikakwera, thupi limayamba kutamuka osabwereranso, ndipo mpata wa pakati pa nkhope ya mpiringidzo ndi tsinde la khoko umakula. Mpata umenewu amisiri amautcha headspace ndipo amauyeza ndi tizitsulo tapadera, chifukwa kusiyana kwa wabwino ndi woopsa kuli ngati kuchindikala kwa mapepala awiri kapena atatu. Ukakula, khoko limatamuka mpaka kuduka, ndipo mpweya wotentha umatulukira kumbuyo kumene kuli nkhope ya munthu.

Maboma enieni anakumana nazo. NATO, mgwirizano wa asilikali a maiko a kumadzulo, itasankha chipolopolo cha 7.62x51 mu 1954, maiko ambiri anafuna kusintha mfuti zawo zakale. Israel inasintha ma K98k ake kuchoka pa 7.92 kupita pa 7.62 popanda vuto, ndipo inalemba "7.62" ndi zilembo zikuluzikulu pachitsulo ndi pamtengo pomwe kuti msilikali asasokoneze zipolopolo. Britain inasintha ma Lee-Enfield No. 4, amene thupi lake ndi lolimbirapo, ndipo mwa iwo munatuluka L42A1 ya 1970, imene akatswiri olasa patali anapita nayo ku Falklands mu 1982. Koma SMLE yakale ija, No. 1 Mk III, inalephera mayeso atayesa kuisintha ku Australia. India itafuna mfuti yooneka ngati SMLE yowombera 7.62, sinasinthe zakale. Inapanga zatsopano ndi chitsulo cholimba, ndizo Ishapore 2A ndi 2A1 za m'ma 1960. Spain inapanga FR7 kuchokera ku ma Mauser a mtundu wa 1893 ndi FR8 kuchokera ku a mtundu wa 1898, ndipo mpaka lero eni ake amakangana ngati FR7 iyenera kupatsidwa zipolopolo za .308 za m'sitolo. Za FR8 sakangana.

Chitsanzo choopsa kwambiri ndi cha Italy. Pa nkhondo yoyamba mfuti zitaperewera, anatulutsa ma Vetterli a 1870, opangidwira onga wakuda ndi chipolopolo chachikulu cha mamilimita 10.4, n'kuwalowetsa kampope ka 6.5 Carcano. Papepala mfuti inachepa pafupifupi mamilimita anayi. M'kati mwake, thupi la nthawi ya onga wakuda linayamba kulandira moto wa onga wamakono umene silinapangidwire. Anazipereka makamaka kwa asilikali akumbuyo omwe sankayembekezeka kuwombera kawirikawiri, ndipo osonkhanitsa mfuti zakale lero amachenjezana kuti asaziwombere ndi zipolopolo zamphamvu yonse.

Palinso zimene sizioneka ndi maso. Ma Springfield a 1903 oyambirira, a nambala zosakwana 800,000, ena mwa iwo anapsa mopitirira muyeso powotcha chitsulo ndipo matupi ake ndi ophweka kusweka ngati galasi. Mpope watsopano, kaya waung'ono chotani, sungachiritse zimenezo.

N'chifukwa chake maiko ena salola mfuti yosinthidwa igulitsidwe isanayezedwenso. Ku Britain kuli nyumba ziwiri zoyezera mfuti, ya ku London ya 1637 ndi ya ku Birmingham ya 1813. Kumeneko mfuti amaiwombera ndi chipolopolo champhamvu yoposa yanthawi zonse, palibe munthu waigwira, kenako n'kuiunika. Ikapirira amaidinda chizindikiro ndi dzina la chipolopolo chatsopano. Mfuti yosinthidwa yopanda chidindo chotero, yolembedwabe .303 pomwe m'kati mwake muli china, ndi msampha kwa aliyense wodzailandira mwini wake atamwalira. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wovomerezeka wokhala ndi makina ndi zoyezera, osati ya pansi pa mtengo pamene amasulira gogodela, ndipo kumaiko kumene chilolezo cha mfuti chimatchula kukula kwa chipolopolo, kusintha osauza apolisi kumaisandutsa mfuti ina imene chilolezocho sichiidziwa.

Kudyetsa mfuti zipolopolo kuchokera m'magazini nako ndi mutu wina. Magazini ndi milomo yake anazipangira khoko la kutalika ndi maonekedwe akutiakuti. Mukaikamo kachipolopolo kafupi kamasewera, kamadumpha kapena kukakamira panjira, ndipo chokokera khoko chimalephera kukagwira. Pa ntchito yonse, apa ndi pamene amisiri amathera nthawi yambiri, ndipo ambiri ankangogonja n'kuisiya mfuti ili yolonga chimodzi chimodzi ndi dzanja.

Masiku ano masamu ake atembenuka. Mfuti yatsopano ya mlenje yochokera kufakitale imabwera yopepuka, yokonzeka kuikidwa galasi lolingira, ndipo kawirikawiri mtengo wake sufika pa ndalama zolipira mmisiri kuti asinthe yakale. Pomwepo mfuti za nkhondo zosakhudzidwa zikusowa ndipo zikukwera mtengo, pomwe zodulidwa mitengo ndi kusinthidwa mipope m'zaka za m'ma 1950 zimagulitsidwa motchipa. Kuli anthu tsopano amene amasakasaka mitengo ndi tizitsulo takale kuti abwezeretse zimene agogo awo anadula ndi sowo. Sindiwaimba mlandu agogowo, chifukwa m'nthawi yawo mfutizo zinali ngati makasu, koma munthu wodula SMLE yathunthu lero ndingamufunse kawiri.

Zipolopolo zinaseka pomaliza. Makampani akuluakulu anasiya kalekale kupanga .303/25 ndi 7.7x54R, ndipo amene ali ndi mfuti zoterozo amachita kudzikonzera okha makoko kuchokera ku .303 yomweyo imene ankaithawa. Iyo .303 ikupangidwabe ndi makampani ngati Prvi Partizan ya ku Serbia ndi Sellier & Bellot ya ku Czech Republic. Zophunzitsira za .22 zija, zina mwa izo zili ndi chaka cha 1916 pachitsulo chake, zikuwomberabe m'makalabu a ku Britain, Canada ndi Australia, ndi tizipolopolo togulidwa m'kabokosi ka 50.